Mchira wa makina a mphepo a Kampamba

A Abson Kampamba anabadwira ku Kasama pa 9 Juni 1941, nakulira ku Kabwata mu Lusaka, kumene bambo awo anali kalipentala. Ine ndinawadziwa mu 1974, pamene iwo ndi akazi awo a Perpetua anasamukira ku Chelstone, mu Lusaka momwemo, m'nyumba yoyandikana ndi yathu.

Anali injiniya, ndipo ankaphunzitsa pa sukulu ina ya zaumisiri m'tauni. Mtima wawo wonse unali pa makina opanga magetsi ndi mphepo. Ankati kuzungulitsa mapiko ndi ntchito ya mwana, chovuta ndi kuwaletsa. Mphepo ikakula, mapiko amathamanga mpaka kuthothoka. Choncho anapanga mchira wachitsulo wokhala ndi sipuling'i. Mphepo ikakhala yabwino, mchirawo unkalozetsa makina kumene ikuchokera. Ikakula, unkapindika, makinawo natembenukira kumbali, nachepetsa liwiro okha. Mu Ogasiti 1978 anaimika nsanja kuseri kwa nyumba yawo kuti auyese. Inali yaitali kuposa mtengo wathu wa mapeyala, ndipo pafupi ndi tsinde lake, mbali yathu ya mpanda, panali chipinda chimene ankagona ana anga.

Pa 19 Okutobala ndege za ku Rhodesia zinaponya mabomba kumpoto kwa Lusaka. Kuchokera tsiku limenelo aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso lina. Ku City Market kunamveka kuti m'tauni muli akazitape olozera ndegezo njira. M'basi anthu anasiya kulankhula.

Loweruka pa 4 Novembala kunabwera a Chisanga, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, ndi anyamata awo. Ndinali pampanda, ndikuyanika zovala.

"Shani, ba Kampamba," anapereka moni a Chisanga. "Ichi chinthu chanu chiyangana kuti?"

"Chikonka mphepo chabe, ba tcheyamani."

"Manje mphepo yanu ichokela ku Rhodesia masiku onse?"

Anyamata anaseka. A Kampamba sanaseke. Zinali zoona kuti mphepo ya kuno imakonda kuchokera kum'mawa chakum'mwera, kumene kuli malire. A Chisanga anati anthu aona makinawo akutembenuka okha popanda wowagwira, mchira ukupindika ngati ukukodola wina kumwamba. Analamula kuti umangidwe.

"Mukamanga mchila, chizapaya munthu," anatero a Kampamba. "Nipatseni sabata, nichitsitse chonse."

"Sabata yakuti mukambe nao bwino? Aliyense wogwila waya uyu azayankha kutsogolo."

Mnyamata wina anakwera, namanga mchirawo ndi waya kunsanja. Awiri anatsala pachipata kuti azilondera.

Lolemba pa 6 Novembala masana, kumwamba kunada. Inali mphepo ija imatsogolera mvula yoyamba. Inachokera komwe makinawo anawalozetsa. Poyamba ankalira ngati njuchi, kenako kulirako kunakwera mpaka mapiko osaonekanso. Nsanja inayamba kugwedezeka, ndipo malata a nyumba yathu ankanjenjemera nayo. Ndinatulutsa ana, koma panja sindinadziwe kowaika. Phiko likathothoka silisankha kolowera. Tinagona pansi m'ngalande ya m'mbali mwa msewu.

Ndili m'menemo ndinaona a Kampamba akutuluka, pulayala ili m'thumba. A Perpetua anawagwira malaya.

"Atate ake Emmy, akutengani!"

"Nidziwa," anayankha, nawachotsa dzanja.

Alonda aja anakuwa kuti atsike, koma palibe anayandikira nsanjayo. A Kampamba anakwera pang'onopang'ono, mutu atauweramitsa, mapiko akudutsa pafupi ndi phewa lawo. Waya utaduka, mchira unapindika ndi phokoso ngati chitseko chomenyetsedwa. Makina anatembenuka, kulira kuja kunatsika, mapiko anayambanso kuoneka limodzilimodzi.

Galimoto yodzawatenga inabwera mvula isanakate. A Kampamba anakwera ali chinyowere. A Perpetua anayenda m'maofesi ambiri, ndipo paliponse ankauzidwa kuti dzinalo salidziwa. Ife oyandikana nawo tinkawapatsa moni ndi maso okha. Nsanjayo anaigwetsa anyamata a chipani Khirisimasi isanafike.

A Kampamba anabwerera pa 22 Febuluwale 1979, ataonda, khutu limodzi losamva. Mlandu sunapezeke. Kumene anali sanauze munthu, ngakhale akazi awo, ndipo sanaimikenso nsanja ina. Koma ophunzira awo awiri anali atatola mchira uja m'zitsulo zogwetsedwa. M'zaka zotsatira anapanga michira yofanana nawo, naiika pa makina a mphepo opopa madzi m'mafamu ndi m'zipatala za kumudzi, ndipo ndinamva kuti makinawo ankapirira mphepo imene inkathyola ena. Atawaitana kuti akaone makina oyamba, a Kampamba anafunsa ngati tcheyamani wa kumeneko wauzidwa. Atamva kuti ayi, anakana kupita.

Anamwalira pa 13 Meyi 1990, ku Chelstone komweko.