Khutu la Aboy Hadgu

Pa msika wa ku Adwa, munthu akafuna kugulitsa ndalama zakale zasiliva, zija za mutu wa mfumukazi, ankayamba wapita kwa Aboy Hadgu. Bambowa anakhala pakhonde limodzimodzi zaka makumi anayi, ndipo chuma chawo chonse chinali khutu. Ankasisita ndalama ndi chala kuti amve ngati timikanda ta paphewa la mfumukaziyo sitinafufutike, kenako n'kuiponya pamwala. Siliva weniweni amalira nthawi yaitali, wabodza amangoti phwa. Yoboola, yopsa ndi moto, yopindika, iliyonse ankaitchulira mtengo wake, ndipo akatchula panalibe wotsutsa. Matama ndiye anali nawo osasimbika.

Koma ukalamba sugogoda. Makutu aja anayamba kutseka pang'onopang'ono mpaka kuti gwa. Iwo sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo, poopa kuti msika ukadziwa, dzina lawo lathera pomwepo. Ankapendekabe mutu pamwala ngati akumva, chonsecho akuweruza ndi maso okha.

Chaka cha njala kunabwera mayi wina wa kumapiri, dzina lake Letebirhan, mwana wowonda ali kumsana. Anamasula ndalama zisanu ndi imodzi pachingwe cha m'khosi mwake. Zinali zakuda bii ndi utsi ndi mafuta, nkhope ya mfumukazi itatheratu. Apa maso analibe ntchito.

Aboy Hadgu anaponya imodzi pamwala. Anaiona ikudumpha, koma sanamve kanthu. Anthu anali atazungulira, onse akuyang'ana pakamwa pawo. Mantha anawagwira, ndipo anasankha mawu amene sakanawapweteka iwo.

"Ndi mtovu uwu, mwanangu. Amene anakupatsa anapusitsidwa."

Berhe, wosula mitanda wa khomo loyandikana, anagula zonse ndi kambale kamodzi ka barele. Mawa lake anabwera akumwetulira, n'kuwaika m'manja kachibulumwa kosungunula, koyera mbuu ngati mchere. Poti anali atazindikira kale za makutu aja, anawerama n'kuwakuwira m'khutu: "Mtovu wanu uja ndi uwu! Musachire msanga, achikulire, mukundilemeretsa!"

Mawu amenewo okha anawamva bwinobwino. Anawapweteka mumtima.

Patatha milungu iwiri Letebirhan anabweranso, kumsana kulibe kanthu. M'manja munali ndalama imodzi yokha, imene inkakhala m'khosi mwa mwana uja. Ankafuna kulipira mapemphero a maliro kutchalitchi. Aboy Hadgu sanaiponye n'komwe pamwala. Anati ndi siliva, n'kupereka mtengo wake wonse.

Mayiyo sanalandire. Anawayang'ana n'kufunsa motsitsa mawu.

"Aboy, zonse zisanu ndi ziwiri zinachokera pachingwe chimodzi cha amayi anga. Ine ndawatukwana ali m'manda chifukwa cha mawu anu. Nanga iyi yakhala bwanji siliva?"

Anthu anasiya malonda n'kutchera khutu. Aboy Hadgu ankangoona milomo ya mayiyo ikugwedezeka. Anadziwa kuti ndi funso, ndipo akanatha kungogwedeza mutu monga ankachitira masiku onse. Koma nkhope ya mayiyo inawalepheretsa.

"Kweza mawu, mwanangu," anatero msika wonse ukumva. "Papita zaka ziwiri ndisakumva kanthu."

Letebirhan anagwira kumsana kwake, kumene ankaberekera mwana uja, n'kukhala pansi pafumbi.