Theka la Ola la a Telala

A Telala ankasokera m'kachipinda koyang'ana kumsewu, pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo yogulitsa penti. Munali makina amodzi opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi mpando wa makasitomala wa mwendo umodzi wachitsulo, poti amuna awo ndi amene anaukonza utathyoka. Anasoka mmenemo zaka makumi atatu ndi ziwiri: mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati, ndi mathalauza a azibambo amene mimba yakula koma iwo akukanabe, n'kumati telala ndiye anayeza molakwika.

Aliyense mumsewumo ankadziwa lamulo lawo. Ikangokwana 12 koloko masana, a Telala ankachotsa phazi pa makina, kuvula tepi m'khosi, kuphimba makinawo ndi nsalu, n'kukhala pampando manja ali pamiyendo, maso ali chitsekere. Theka la ola lathunthu, duu! Ngakhale milomo sinkagwedera. Kasitomala akafika nthawi imeneyo ankadikira pakhomo, kaya akhale mkwatibwi woti ukwati wake ndi mawa. Ena ankapsa mtima n'kupita kwa telala wina, koma ambiri ankabwereranso chifukwa msoko wa mayiwa sunkamasuka.

Amuna awo anali owotcherera zitsulo, opanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo anthu ankawatcha a Mokweza. Makutu awo anazolowera chopukusira ndi nyundo, moti ngakhale kupempha mchere patebulo ankachita ngati akuitana munthu amene ali tsidya lina la msewu. Ku tchalitchi ndiwo ankatsogolera gulu la mapemphero. Mphatso anali nayo, tisawanamizire. Akayamba kupemphera ankatchula odwala onse mmodzimmodzi, amasiye, akaidi, apaulendo, mpaka ana ankagona pa mabenchi n'kudzuka Amen asanafike.

Za kukhala chete kwa akazi awo ankangozitenga ngati nthabwala. "Amayi, kumeneko n'kupemphera kapena kuba tulo?" ankatero akuseka, ndipo yankho sankalidikira, poti nthawi imeneyo amakhala atayamba kale nkhani ina. A Telala ankangomwetulira n'kupitiriza kulowetsa ulusi m'singano. Ankakondana ndithu anthuwa, kungoti m'nyumbamo mmodzi ankalankhulira awiri.

Tsiku lina Lachitatu m'mawa a Telala anagwa pafupi ndi tebulo, sizasi ili m'manja. Wometa tsitsi ndi amene anamva kugwako. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Patatha masabata atatu anabwerera kunyumba mbali ya kumanja itafa, mawu atapita. Chimene chinawatsalira ndi maso ndi dzanja lamanzere. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, anatenga tchuthi kudzawasamalira.

A Mokweza anachita mantha, ndipo mantha awo analowera kukamwa. Anamema gulu lawo lonse kuti lizibwera tsiku lililonse kudzapempherera akazi awo. Anthuwo anali apantchito, choncho nthawi imene onse ankapezeka inali yopuma masana. Ankadzaza kuchipinda anthu khumi, ena nsapato zili ndi fumbi la ku ntchito, n'kuzungulira bedi.

Tsiku loyamba lomwelo, pemphero lili mkati, a Telala anatseka maso n'kutambasula dzanja lamanzere pabulangete.

"Akukomoka!" anakuwa mayi wina wa m'gulumo. "Abale, kwezani mawu, mdani akufuna kuwatenga!"

Mawu anakwezedwa. Ena ankawomba m'manja, wina anawagwedeza phewa, a Mokweza akufuula pafupi ndi khutu lawo mpaka a Telala anatsegula maso, misozi ikutsikira pa pilo. Gulu linathokoza kuti awabweza. Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi, mkuja wakenso. Palibe anachita mwankhanza, onse ankasiya chakudya chawo cha masana chifukwa cha chikondi. Koma pofika sabata yachiwiri a Telala anali atasiya kudya. Sipuni ikafika pakamwa ankaluma mano, ndipo amuna awo akalowa kuchipinda ankatembenuzira nkhope kukhoma. Zimenezi zinawapweteka a Mokweza kuposa matendawo.

Madzulo ena anapeza mwana wawo kukhitchini akukhuthula mbale imene mayi ake anakana.

"Mayi ako akundida, mwanawe," anatero. "Ndawalakwira chiyani ine? Ndikuwapempherera mpaka mawu kusasa."

Mwanayo anaika mbale pansi. "Ababa, kodi anthuwa mumabwera nawo nthawi yanji?"

"Masana, akapuma ku ntchito."

"Nanga amayi masana amachita chiyani, zaka zonsezi?"

Mwanayo sanadikire yankho.

"Sakomoka ayi, ababa. Amakhala akupemphera. Kusoka sangathe, kuyenda sangathe, kulankhula sangathe. Chimene chawatsalira n'chomwecho, ndiye inu mumabwera ndi anthu khumi kudzawagwedeza."

"Kupemphera kwanji kopanda mawu?"

"Munawafunsapo bwinobwino? Ine ndinawafunsa ndili kamtsikana." Mwanayo anapukuta manja pa thawulo. "Anayamba zimenezi achimwene atamwalira ali akhanda, aja ine sindinawaone. Anati mwanayo anatsirizika masana ali m'manja mwawo, inu muli panja kupemphera ndi anthu. Maliro atatha anayesa kupemphera koma mawu anakana. Anandiuza kuti, 'Ndinangokhala pamaso pa Mulungu opanda chonena, ndipo Iye sanandithamangitse. Ndiye ndimapitako tsiku lililonse.'"

Safunsa adadya phula. A Mokweza anakhala pa mpando wa kukhitchini nthawi yaitali, manja awo a zipsera za moto ali pamaondo. Anachita manyazi, komanso anamva chisoni chimene ankaganiza kuti anachikwirira kalekale. Zaka zonsezo ankaona ngati akazi awo anapirira msanga imfa ya mwanayo, poti sankaitchula.

Mawa lake sanapite ku ntchito. Gulu litafika linawapeza ataima pa geti.

"Abale, lero musalowe," anatero, ndipo anthu anayang'anana chifukwa anali asanawamvepo akulankhula motsitsa chonchi.

"Atsogoleri, mukutseka khomo la machiritso?" anafunsa mayi uja anakuwa tsiku loyamba. "Anthu akamva adzati chikhulupiriro chakutherani."

"Anene zimenezo. Muzibwera Loweruka madzulo, awiriawiri, ndipo tiziyamba tawafunsa eni ake. Masanawa ndi awo."

Ena anamvetsa, ena anachoka akung'ung'udza. A Mokweza anatseka geti limene anapanga okha, anavula nsapato pakhomo n'kulowa kuchipinda monyang'ama. A Telala anali atayang'ana kukhoma. Amuna awo anakokera mpando pafupi ndi bedi osaukhukhuluza, n'kukhala pansi. Wotchi ya pabalaza itagunda 12, anaona dzanja lamanzere lija likutambasuka pang'onopang'ono, mokayikira, ngati likudikira phokoso. Phokoso silinabwere.

Musaganize kuti zinali zophweka. Mawu ankawadzadza pakhosi. Kawiri konse "Atate wathu wakumwamba" anafika pamilomo, iwo n'kumumeza. Msana unayabwa, bondo linawawa, anakumbukira geti la kasitomala losapenta. Ankamva mpopi ukudontha kubafa, njinga ikudutsa kumsewu, ndi kupuma kwa akazi awo, kumene kunayamba kothamanga kenako n'kukhazikika. Anayang'ana wotchi ya pamkono poganiza kuti nthawi yatha, anapeza kuti padutsa mphindi zisanu ndi imodzi basi.

Kenako anasiya kulimbana nazo. Mumtima munabwera nkhope ya kamwana kaja, ndi dzina lake, limene iwo, otchula mayina a odwala a mpingo wonse, anali asanalitchulepo m'pemphero chichokere kumanda. Sanapemphe kanthu. Anangokhala nalo dzinalo pamaso pa Mulungu, misozi ikugwera pa malaya, ndipo sanaipukute poopa kuchita phokoso.

Theka la ola litatha a Telala anatsegula maso. Anatembenuza mutu movutikira n'kuwayang'ana amuna awo kumaso, koyamba m'masabata awiri. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako dzanja lamanzere linanyamuka n'kuloza mbale ya supu imene mwana wawo anaisiya pa kampando ili yovundikira.

A Mokweza anaitenga, anauzira sipuni yoyamba n'kuifikitsa pakamwa. A Telala anadya masipuni asanu ndi awiri. Amuna awo anawerenga onse, chamumtima.