Amalume Anati Akubwera

Amene anandilakwira ine ndi amalume anga, achimwene awo a mayi, pulofesa wa masamu amene mwina munawamvapo pa wailesi. Sanandimenye, sananditukwane, sanandilande kanthu. Ananena pa foni kuti, “Ndikubwera Lachisanu,” ndipo sanabwere. Basi. Sukulu yanga inathera pomwepo, Folomu 2, teremu yachiwiri.

Ndiyambe ndawapatsa zawo, poti ena amati ndimayankhula chifukwa cha nsanje. Bambowa ndi katswiri weniweni. Anabadwira ku Ngokwe komwe ndinabadwira ine, m’nyumba yaudzu, koma lero kuli lamulo lina la masamu limene azungu amaphunzitsa ana awo akulitchula dzina la amalume anga. Alandira mamendulo kunja. Ayankhula pa misonkhano imene akatswiri a dziko lonse amakhala chete kumvetsera munthu mmodzi. Anthu amene anawaphunzitsa iwo, ena ndi mapulofesa kale. Mayi sadziwa kuwerenga, koma nyuzipepala iliyonse imene munatuluka nkhope ya achimwene awo ili m’sutikesi, pansi pa nsalu zawo za ku ukwati.

Masamu awowo ali ndi dzina lachingerezi lotalika, koma ine anandiuza m’Chichewa ndili Sitandade 7, atabwera ku maliro a agogo. Anandipeza kuseri kwa khitchini ndikutenthetsa waya pamoto kuti ndiboolere chikopa cha legeni.

“Moto uli uko, dzanja lako lili kuno,” anatero. “Chala chipsa liti?”

“Pakapita kanthawi.”

“Kanthawi kotalika bwanji? Nanga waya atakhala wonenepa? Nanga pakati pa wayapo, panopa patentha bwanji, ndipo ukawerenga mpaka teni pakhala patatentha bwanji?”

Waya uja anandiwotchadi, ndinamutaya. Iwo anaseka mpaka kuchotsa magalasi.

“Ntchito yanga ndi imeneyo. Kutentha, utsi, madzi oyenda pansi pa nthaka, chilichonse chimene pano chili chonchi, apo chili mwina, ndipo mawa chisinthanso. Timachilemba papepala n’kudziwa kumene chikupita chisanafikeko.”

Kenako anandilembera samu pansi ndi kamtengo. Ndinaipeza. Analemba ina, ndinaipezanso. Anaitana mayi: “Chemwali, mutu ulipo uwu. Muzimusamala.” Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zitatu ngati chithumwa.

Tsopano zanga. Ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Ku sekondale yoyendera imene ndinapita, mphunzitsi wa masamu anatipatsa mayeso, ine n’kupeza yankho podzera njira imene iye sanatiphunzitse. Anandiimika kutsogolo nati ndabera. Ndinati sindinabere, andipatse choko ndiwonetse. Iye anati, “Ukuganiza kuti nzeru za amalume ako zimayenda m’magazi ngati chindoko?” Kalasi yonse inafa nako kuseka. Mphunzitsiyo anandiwomba khofi. Ine ndinamukankha ndi manja onse awiri, anagwera pa ngodya ya desiki, dzino linathyoka, magazi pa malaya oyera. Ndinalakwa. Ndakhala ndikunena zimenezi kuyambira tsiku lomwelo.

Ahedi anali munthu wachifundo. Anauza mayi kuti komiti ikhala Lachisanu la sabata yotsatira, ndipo njira ilipo imodzi. Poti pagwa magazi, kupepesa kwa mwana kapena kwa mayi ake sikukwana. Abwere mwini mbumba, akhale pamaso pa komiti, apepese kwa mphunzitsi banja kwa banja, anene kuti mwanayu ndimuwongola ndine. Mphunzitsiyo anali atavomera kuti zikatero aikhululukira nkhaniyo.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Bambo anga anali atasiyana ndi mayi kalekale, anabwerera kwawo ndi njinga ndi wailesi yawo. Mayi atawapeza, anangoti, “Ine ndinali tambala wobwereka. Anapiye ali ndi eni ake.” Eni akewo ndi amalume. Ndili nawo awiri. Aakulu ndi apulofesa. Aang’ono ndi telala wa pamsika, munthu wofatsa, amene milandu yonse ya pakhomo pathu ankaiyendera ndi iwo chifukwa akulu ankakhala kunja. Anamva nkhani yanga, anandikalipira, kenako anatulutsa jekete yawo n’kuyamba kuisita. Zonse zikanathera pa jekete imeneyo.

Lolemba lake wailesi inalengeza kuti apulofesa afika m’dziko muno, ali ku Zomba kudzalandira ulemu wina. Amalume aang’ono anaika simbi pansi.

“Akulu ali pafupi. Sitingayende mlandu osawauza.”

Anaimba foni tonse tili pomwepo, ataikweza mawu. Anafotokoza bwinobwino. Kumbuyo kunkamveka mafoloko ndi anthu akuseka. Apulofesa anati, “Iyayi, iyayi, mwana ameneyo asachotsedwe. Musachite kanthu. Ndikubwera Lachisanu, ndidzayankhula ndekha.” Mayi anawawonjezera okha kuti Insha Allah, poti eni ake sananene. Jekete inabwerera pa msomali.

Mumvetse apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Akanakhala kunja, aang’ono akanapita. Akanati ndatanganidwa, pitani inu, aang’ono akanapita. Koma mkulu akanena kuti akubwera, mpando umakhala wake. Palibe wamng’ono amene angakhalepo.

Lachisanu lija ahedi anasesetsa bwalo. Atsikana a kwaya anaphunzira nyimbo yolandirira mlendo. Mu ofesi anaikamo mpando wa khushoni wobwereka kwa anesi. Ine ndi mayi ndi amalume aang’ono tinakhala pa benchi panja kuyambira belu loyamba. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, mayi ankakonza mpango. Inakwana nthawi ya Juma, amuna anapita ku mzikiti, anabwerako. Komiti inati tidikirebe. Foni ya apulofesa inali yozimitsa.

Dzuwa litapendeka ndinagwada pa simenti.

“Amalume, lowani inu. Chonde. Mungonena mawu awiri.”

“Ndikhale pampando wa achimwene, iwo atanena kuti ali m’njira? Afike andipeze ndakhalapo? Ndidzawayang’ana ndi nkhope iti?”

“Sakubwera!”

“Tseka pakamwa,” anatero mayi. “Msewu wa ku Ntaja ndi woipa. Afika.”

Mphunzitsi uja anatuluka, mlomo ukadali wotupa, anayang’ana mpando wopanda munthu uja kudzera pawindo, n’kuuza apampando a komiti mokweza kuti timve: “Mwaona? Ngakhale kwawo amutaya.” Ana a kwaya anauzidwa kuti azipita. Ahedi, amene anachita manyazi kuposa tonse, anandipatsa kalata osandiyang’ana.

Patapita masiku awiri tinawamva pa wailesi ali pabwalo la ndege, akuthokoza dziko chifukwa cha ulemu, akuti chuma cha Malawi chili m’mitu ya ana ake. Ndinatenga wailesiyo n’kuimenyetsa pa mtondo. Inali ya aneba.

Sukulu ina inali kutali, ndipo kalata ya ahedi inkanena chimene ndinachita. Sindinayesenso. Ndinapita ku Balaka kukapalasa kabaza. Sizinatenge chaka, ndinamenyana ndi mnzanga pa siteji ya kufupi ndi sitima polimbirana kasitomala, anzanga anandithamangitsa. Ndinakathera kwa Nsamala, kuumba ndi kuwotcha njerwa, ntchito imene ndikugwira mpaka lero. Dongo silikuyankha, ndiye sitiyambana.

Chondipweteka n’chakuti pa uvuni ndi pamene amalume anga sandichoka m’mutu. Ukapanga uvuni, ukaumata, ukaika moto m’makomo, umadziwa kuti njerwa za pafupi ndi moto zipserera, za m’mphepete zituluka zosapsa, ndipo luso lonse ndi kudziwa mmene kutentha kukukwerera mkati mmene maso sakuona. Ine ndimagwira khoma ndi chikhatho mbali zinayi n’kudziwa khomo loti nditseke ndi loti ndiwonjezere nkhuni. Mphepo ikatembenuka ndimadziwa ngodya imene ichedwe. Nthawi zonse ndimati, izi ndi zija za waya. Pali pepala penapake limene zonsezi zinalembedwa, ndipo ine sindidzatha kuliwerenga.

Zaka zonsezo ndinali ndi yankho langa la chimene sanabwerere. Ndinkati anaganiza bwino usiku wa Lachinayi, n’kuona kuti mwana womenya mphunzitsi sayenera kupepeseredwa, poti iwonso ndi mphunzitsi. Ndinkati anandiweruza. Zinkandiwawa, koma chiweruzo chimatanthauza kuti munthu anakhala pansi n’kukuganizira. Ndinkatha kukhala nazo zimenezo. Mayi okha ankati, “Anthu akuluakulu amawagwira ndi a boma, sadzilamulira okha.” Ndipo nyuzipepala zinapitiriza kulowa m’sutikesi.

Chaka chatha chemwali wanga wamng’ono anathawa ku banja, mwamuna atamuthyola dzanja. Mlandu wotere umafuna a mbali zonse akhale pansi, banja lithe kapena likonzedwe. Amalume aang’ono, tsopano imvi zili mbuu, anauza akulu pa foni monga mwa mwambo. Yankho linabwera: musagamule, ndikubwera ndekha. Chimanga chinabzalidwa, chinakololedwa. Chemwali wanga sali pabanja, sali mbeta. Mwamuna uja amabwera pakhomo ataledzera kudzanena kuti mkazi akadali wake, ndipo palibe angamutsutse.

Apulofesa anabweradi, koma osati chifukwa cha ife. Sukulu ija inamanga makalasi atsopano n’kuwatcha dzina lawo. Mayi ananditumizira uthenga katatu kuti ndipite, ndinapita. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi khoma latsopanolo. Ndinakanda njerwa imodzi ndi chikhadabo, inanyenyeka. Zosapsa. Kwaya inaimba. Anawerenga maulemu awo onse, mayiko ndi mayiko, mpaka amayi ena anayamba kuwodzera. Apulofesa anaimirira, okalamba tsopano, ochepa thupi kuposa mmene ndinkawakumbukirira, nanena kuti mwana aliyense wa kuno amene wasiya sukulu ndi bala pamtima pawo. Anthu anaomba m’manja. Ine ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere.

Madzulo tinasonkhana pakhonde la amalume aang’ono. Apulofesa pampando, ena tonse pamkeka. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira. Anandiyang’anitsitsa, nkhope yawo n’kuwala.

“Iwe si uja wa waya? Wa legeni uja?”

“Ndine ndemwe, amalume.”

“Chemwali, uyu anali ndi mutu! Uli kuti tsopano? Unathera pati?”

“Folomu 2.”

“Folomu 2? Aaa! Unasiyiranji?” Anatembenuza dzanja langa n’kuona zipsera. “Ana inu kuthamangira maganyu. Bwenzi mutandiuza ine.”

Ndinawayang’ana m’maso kufuna bodza. Munalibe. Munthuyu sankanamizira. Waya ankamukumbukira, Lachisanu lija ayi. Sanandiweruze. Anatseka foni Lolemba lija, anabwerera ku mbale yake, nkhani n’kuthera pomwepo. Amalume aang’ono anayang’ana pansi. Mayi ananditsina pa ntchafu mwamphamvu, kutsina kwa ndili mwana mu mzikiti wa amayi.

Ndikanakhala chete, Mulungu ndi mboni. Koma amalume aang’ono anayambitsa ya chemwali wanga, amene anakhala pakhomo la nyumba atagwira dzanja lake lopindika lija. Apulofesa anamvetsera akugwedeza mutu, anayang’ana wotchi, anayang’ana dalaivala amene anali atalizitsa kale galimoto.

“Nkhani imeneyi ndi yaikulu, siyofunika kuthamangira. Musachite kanthu. Ndikubweranso Disembala, ndidzakhala nawo pansi ndekha.”

Mayi anati Insha Allah.

Ndinaimirira. Kwathu wamng’ono saimirira akulu ali pansi, ndipo mayi anakuwa dzina langa, koma miyendo inali itapita kale. Ndinaima pakati pa mpando wawo ndi galimoto. Mawu anatuluka onse.

“Amalume, mwafunsa kuti ndinasiyiranji. Ndinasiya chifukwa inu munati mukubwera. Aang’ono awa anasita jekete, munawavula ndi foni. Mayi anga anakhala pa benchi kuyambira m’mawa mpaka dzuwa kulowa, akudzudzula msewu. Inu mumadziwa kumene utsi ukupita usanafikeko, koma simudziwa kumene mawu anu amakagwera. Ine zanga zinatha, sindikupemphani sukulu, sindikupemphani pepani. Mamendulo ndi anu, munawagwirira ntchito. Koma mpando uwu wokha simunaugwirire ntchito, ndipo mukautchula kuti ndi wanu palibe amakhalapo. Chemwali wanga uyu simumupanga zimene munandipanga ine. Galimoto iyo sichoka pano mpaka munene, pamaso pa chemwali wanu ndi mng’ono wanu, mawu amene mukananena chaka chija. Ndi amodzi okha, amalume, ndipo si ovuta ngati masamu anu. Nenani kuti sindibwera.”