Tsiku Limene Ndinawatsutsa Amalume ku Kanema

Ndalemba izi chifukwa holo ya kanema imene inali kuseri kwa msika wa Limbe inatsekedwa matipate atangoyamba, ndipo lero akugulitsiramo matayala. N'koyenera kuti wina anene zimene zinkachitikamo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Loweruka masana tinkathamanga kuchokera ku Bangwe, mapazi ali mbuu, kuti tikapeze benchi ya kutsogolo. Mazenera ankatsekedwa ndi ziguduli, ndipo mkati munkamveka fungo la thukuta ndi chimanga chootcha. Makina akayamba kulira, kuwala n'kugwera pakhoma, ndinkaiwala kupuma.

Mafilimu anali a Chingerezi, choncho amalume anga, a Fulaye, ankaima pambali ndi chimkuzamawu n'kumamasulira. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma ntchito imeneyi ndiyo inkadyetsa ana awo asanu. Ine ndinali woyamba m'kalasi pa Chingerezi, ndipo ndinkadzimva.

Tsiku lina mzungu wa pahatchi anavula chipewa n'kulankhula kwa mnzake. Amalume anati, "Akuti mbuzi zanga unaba zija, lero uzisanza." Holo yonse inafa ndi phwete. Ine ndinakwera pabenchi.

"Akunama! Wangopereka moni!"

Mwini holo, a Jafali, anaimitsa makina. "Kodi a Fulaye, mumatidyetsa mabodza? Mpatseni mwanayo. Akatha, ntchito ndi yake."

Amalume anandipatsa chimkuzamawu ndi manja awiri. "Lankhulani, aphunzitsi."

Mwachimwemwe ndinamasulira liwu lililonse molondola. "Akuti kwacha bwino. Akuti khofi wazizira." Mayi wina kumbuyo anati, "Ifetu sitinabwerere khofi." Posakhalitsa zitsononkho zinayamba kundigwera m'mutu, anthu akuitana dzina la amalume.

Amalume anatenganso chimkuzamawu, n'kudikira kuti mzungu uja atsegule pakamwa. "Akuti mwanayu mukhululukireni, Chingerezi chamuledzeretsa." Ngakhale a Jafali anaseka mpaka kutsokomola, ndipo za kuchotsa munthu ntchito sizinamvekenso.

Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo bodza m'kalasi mwanga sindililola. Komabe tsopano ndikuzindikira kuti amalume ankadziwa anthu okhala pamabenchiwo, pamene ine ndinkangodziwa mawu, ndipo ndinatsala pang'ono kuwalanda asuweni anga chakudya pofuna kuoneka wophunzira.

Amene analipo ndi awa: a Jafali, malemu amalume anga a Fulaye, mng'ono wanga Rute, amene anakanena zonse kunyumba, anthu odzaza holo, amene maina awo sindinawadziwe, ndi ine.