Chiwaya cha Fahita ndi Chipsera Changa

Ntchito yanga yoyamba inabwera kudzera pampanda. Mayi Nyasulu, amene tinayandikana nawo nyumba ku Kawale, anandiitana ndikuyanika zovala. "Linesi, ukhala pakhomo mpaka liti? Kuntchito kwathu akufuna mtsikana woperekera zakudya. Mawa uvale nsapato zotseka."

Iwo anali ophika pa lesitilanti ya zakudya za ku Mexico, m'kati mwa malo achisangalalo kunja kwa tauni. Mumpandamo munali hotela, dziwe losambiramo, nyumba ya juga ndi malo odyera angapo. Minibasi inkatisiya pamsewu, ife n'kumalowera geti lakumbuyo.

Manijala wathu, Bambo Kalua, anandipatsa epuloni yofiira ndi chipewa chachikulu ngati lichero. "Muno timamwetulira," anatero. "Kasitomala salakwa. Wamva?" Ndinati ndamva.

Mayina a zakudya anandipinda lilime, koma zakudyazo sizinali zachilendo kwenikweni. Totiya ndi kamkate kopyapyala ka ufa wa chimanga, kowotcha pa chitsulo chafulati. Gwakamole ndi mapeyala onyenya pamodzi ndi mandimu, anyezi, mchere ndi tsabola, ndipo tinkanyenyera pamaso pa kasitomala m'kamtondo kamwala. Nyemba n'zomwezi, kungoti amazikanya ndi kuzikazinganso.

Chovuta chinali fahita. Chiwaya chachitsulo chokhuthala chimakhala pamoto mpaka chiyambe kufuka. Ophika amathiramo nyama yoduladula, anyezi ndi tsabola wobiriwira, amafinyira ndimu pamwamba, n'kuchikhazika pa thabwa. Chogwirira chimavekedwa kansalu. Iwe umanyamula thabwalo m'manja awiri, mafuta akuthetheka, ndipo ukamadutsa pakati pa matebulo umafuula kuti, "Zotentha!" Mayi Nyasulu ankandiuza kawirikawiri kuti, "Chigongono chikhale pafupi ndi thupi. Ukanyamula ichi usacheuke, ngakhale akuitane mayi ako."

Ndinazolowera. Ndinazoloweranso anthu oitana ndi likhweru, ena okodola ndi chala ngati akuitana galu.

Tsiku lovuta linali Loweruka masana, kuli mpira pa kanema. Matebulo onse anali odzaza. Pakona panakhala azibambo ochokera ku nyumba ya juga, ndipo mmodzi wovala malaya amizeremizere anali atayamba kale kundivuta. "Sisi, umakhala kuti? Chipewacho chikubisa nkhope yabwino." Ndinangomwetulira monga mwa lamulo.

Tebulo loyandikana nawo linaitanitsa fahita. Ndinatuluka nayo m'khitchini, ndikufuula kuti zotentha. Ndikudutsa kumbuyo kwa mpando wa bambo uja, anatambasula dzanja n'kukoka chingwe cha epuloni yanga. Ndinadzandira. Kutsogolo kwanga kunali mayi atanyamula mwana pamiyendo, choncho chiwaya ndinachikhotetsera kwa ine. Mkombero wake unandimata pamkono, mafuta n'kutsikira mpaka pachigongono. Nyama ina inagwera pa nsapato ya bamboyo.

Ululu wa chitsulo chamoto sufika nthawi yomweyo. Choyamba ndinamva fungo la khungu langa. Ndinakhazika thabwa patebulo bwinobwino, n'kuthamangira kumpope wa m'khitchini. Mayi Nyasulu anandigwira mkono pansi pa madzi ozizira.

Bambo Kalua analowa. Mkono sanauyang'ane n'komwe. "Tuluka ukapepese. Waipitsa nsapato za bwana."

"Ndi iwo andikoka, bwana."

"Sindinafunse zimenezo. Amene aja amabwera Loweruka lililonse. Ukapepese, apo ayi uvule epuloniyo."

Mayi Nyasulu anati, "Abambo, taonani kaye mwanayu mmene wapsera."

"Inu samalani mapoto anu."

Ndinaganiza za kunyumba. Mayi anga anali atayamba kuuza anzawo kutchalitchi kuti Linesi ali pantchito. Ndinkadziwanso kuti kugeti lakumbuyo kumaima atsikana ambiri ofuna epuloni yomweyi. Koma khungu linali litayamba kutukusira, ndipo ndinaona kuti ndikapepesa lero, Loweruka linalo bamboyo adzakoka china.

Ndinatuluka, mkono ukudontha madzi. Bambo uja anali atatsamira pampando, akudikira, anzake akuseka. Ndinavula chipewa, ndinamasula epuloni, n'kuziika patebulo pake pambali pa botolo. Kenako ndinamuonetsa mkono, pafupi ndithu ndi maso ake.

"Abambo, mumafuna epuloniyi, nayi. Koma ichi mwachita ndinu. Kupepesa ndimakudziwa, makolo anga anandiphunzitsa. Lero wopepesa si ine."

Kuseka kunatha. Mayi wa mwana uja anaimirira n'kunena mokweza kuti, "Ndaona ndi maso anga. Pakanapanda mtsikanayu, mwana wanga akanapsa nkhope." Bambo uja anayang'ana kanema ngati nkhaniyo si yake. Bambo Kalua anangondilozera chitseko.

Ndinatulukira geti lakutsogolo, la makasitomala. Mlonda anafuna kundibweza, koma ataona mkono anangotsegula.

Palibe anandiitananso. Ndinakhala pakhomo miyezi ingapo, bala likuuma pang'onopang'ono, ndipo Mayi Nyasulu ankabwera madzulo kudzandimanga bandeji yatsopano. Iwo anapitiriza kugwira ntchito kumeneko, ndipo sindinawaimbe mlandu, anali ndi ana pasukulu. Mayi anga poyamba anati ndinapupuluma. Ataona bala lija likusinthidwa nsalu, sanabwerezenso.

Pano ndimayang'anira operekera zakudya pa lesitilanti ina ku Old Town. Mtsikana watsopano akabwera ndimamuphunzitsa kanyamulidwe ka thireyi, kapukutidwe ka matambula ndi kalankhulidwe. Ndimamuuza kuti m'ntchito ino timapepesa kwambiri: chakudya chikachedwa, mchere ukachuluka, ngakhale magetsi akazima. Zonsezo pepesa, sizikuchotsera kanthu. Kenako ndimapinda mkono wa bulauzi n'kumuonetsa chipsera.

"Koma munthu akakugwira thupi, usamwetulire. Ika mbale pansi, ubwere undiitane. Wotuluka pakhomo paja akhala iyeyo."