Kabotolo ka Atate m'Bokosi la Nsomba

Ndinachedwa masiku atatu, ndipo ndiyambe ndi kuvomera zimenezo. Ndimasoka zovala pamsika wa Kafue, ndipo sabata imeneyo ya mu Okutobala ndinali nditapanikizika ndi madiresi a ukwati. Atate amakhala ku Chanyanya, kumene anapita kukasoka maukonde a asodzi atapuma ntchito ya njanji. Ali ndi matenda a shuga, amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, ndipo amene amawatengera kabotolo kake kuchipatala mwezi ndi mwezi ndine. Ndikawaimbira foni ankangoti, "Akalipo mankhwala, maliza ntchito yako." Ine, poti ndinkafuna kumva zomwezo, sindinkafunsanso kawiri.

Lachinayi m'mawa ndinakatenga kabotoloko. Anesi anandichenjeza kuti kasaone dzuwa, ananenanso zina, koma maso anga anali pa wotchi. Masiku onse ndimakanyamula m'fulasiki ya madzi ozizira a m'fuliji. Tsiku limenelo malaiti anali atazima kuyambira dzulo lake, madzi a m'fuliji ali fuu, oti n'kusambitsa khanda. Ndinangonyowetsa kansalu, n'kukulunga kabotolo, n'kuponya m'chikwama.

Pasiteshoni ndinafika cha m'ma 9 koloko. Minibasi ya ku Chanyanya inali itaima pafupi ndi ogulitsa vitumbuwa, kondakitala akukuwa kuti, "Babili chabe, tinyamuka manje manje!" Ndinalipira K50, n'kukhala pampando wachiwiri kuchokera kumbuyo. Manje manje wa kondakitala, amene munakwerapo mukumudziwa. Tinakhala mmenemo ola limodzi ndi theka, denga la basi likutiphika, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato.

Kumanja kwanga, pawindo, kunali mayi wina wathupi, wogula nsomba, amene onse ankamuitana kuti bana Chipo. Bokosi lake lalikulu la ayisi linali kuseri kwa mpando wathu. Kumanzere kunali bambo wowonda, ba Zulu, amene anati anagwirapo ntchito m'mafakitale. Ndinkatsegula chikwama pafupipafupi kuti ndikhudze kansalu, mpaka bana Chipo analephera kupirira.

"Mwanyamula chani, ba sisi? Golide?"

"Ni mankhwala ya ba tate. Siyafuna kupya."

"Ndiye ni banzanga," anatero, akudzikupiza ndi chikatoni. "Ine na BP yanga, uyu mwezi ni mudani. Onani mendo mwamene yavimbila. Mutu ulila monga chigayo. Nipaseni Juni, mwandi, ningavine."

Ba Zulu anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Atapuma anatulutsa kapampu ka mphumu m'thumba la malaya n'kutionetsa. "Juni wamene uyo ndiye anifuna ku manda. Mphepo ikangoyamba, chifuba chimanga. Ogasiti ni fumbi. Ine nipema bwino vula ikagwa chabe."

Tinanyamuka itadutsa 10 koloko. Tinadutsa mafakitale, machumuni ali njo m'mwamba mopanda ndi kamtambo komwe, kenaka tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi. Apa ndi pamene nkhondo inabuka. Bana Chipo anakankha windo kuti mphepo ilowe. Fumbi linalowa nayo, ba Zulu n'kuyamba kukhosomola, akupempha kuti atseke. Mayiyo anati akatseka akomoka. Bamboyo anati akatsegula abanika. Onse awiri ankanena zoona, ndipo ine ndinali pakati. Mlandu anaugamula kondakitala: anang'amba chikatoni cha bana Chipo n'kutseka theka la windo, ba Zulu n'kumanga kampango konyowa pamphuno. Pasanapite nthawi bana Chipo ndi ba Zulu anali akugawana mazira owiritsa.

Apa ndinayamba kuganiza. Ine chaka ndimachidziwa ndi ntchito: Januwale mayunifomu a sukulu, Okutobala maukwati, Disembala zovala za Khirisimasi. Anzanga awiriwa chaka amachimva m'thupi, aliyense ali ndi miyezi yake yoopa ndi miyezi yake yopuma. Zinandichititsa manyazi kuti zaka zonse zimene ndanyamula mankhwala a Atate, sindinawafunsepo kuti mwezi wawo woopsa ndi uti.

Dzuwa lili paliwombo, tinangomva phuu! Tayala lakumbuyo. Lapadera linalipo, koma linalibe mpweya, monga mwa mwambo wa maminibasi athu. Kondakitala anabwereka njinga pamudzi wapafupi, namangirira tayala, n'kubwerera kumene tinachokera. Ife tinatsika n'kuunjikana pansi pa mtengo umene masamba ake anali atayoyoka, mthunzi wake wongonamizira.

Ola loyamba ndinathira pakansalu madzi anga akumwa, pang'onopang'ono, mpaka anatha. Mphepo yotentha inkaumitsa kansaluko ndikuona ndi maso. Nditakhudza kabotolo ndinamva kakufunda. Mayo ine, m'maganizo ndinaona Atate akudzibaya madzi achabechabe mwezi wathunthu chifukwa cha madiresi anga.

"Letani kuno," anatero bana Chipo. Anakwera m'basi n'kutsegula bokosi lake. Munali zidutswa zikuluzikulu za ayisi zimene anagula m'tauni m'mawa womwewo, atazithira mchere wambiri monga amachitira ena ogula nsomba. "Umu nsomba iuma gwa monga pulanga. Mankhwala yanu yazafika ya nyowani."

Sindinaganize kawiri. Ndinachotsa ndi kansalu komwe, kuti kuzizira kufike bwino, n'kukankhira kabotolo pakati penipeni pa ayisi. Ndinadziona wanzeru kwabasi. Mayi wina wa pamudzipo anabwera ndi chigubu cha munkoyo, chakumwa chonga thobwa, K5 kapu, ndipo ndinagulira bana Chipo makapu awiri powathokoza. Ba Zulu anangofunsa kuti, "Siyazazizila maningi?" Ine ndinayankha mwamatama kuti chimene anesi analetsa ndi dzuwa.

Tayala linabwera itadutsa 2 koloko. Ku Chanyanya tinafika cha m'ma 3, fungo la nsomba n'kutilandira tisanatsike. Mabwato anali ndandanda m'mphepete mwa mtsinje, madzi atabwerera kutali kusiya matope ong'ambika, njinga zikudutsana ndi madengu. Bana Chipo anapisa dzanja m'bokosi n'kundipatsa kabotolo kali mbuu, kozizira koluma zala. Ndinakafumbata n'kuyenda mothamanga, ndikunyadira.

Atate ndinawapeza pakhonde, ukonde uli pamiyendo. Ndinagwada kuwapatsa moni, n'kuwayang'ana kumaso. Masaya anali atalowa, milomo itauma mpaka kusweka. Pambali pawo panali ndowa ya madzi ndi kapu, ndipo pa nthawi yochepa ya malonje anamwa kawiri, nadzuka kamodzi kupita kuseri.

"Dzuwa la chaka chino, mwanawe," anatero. "Limandimwa madzi onse m'thupi. Ndikati ndidye nshima, pakhosi pakana. Wayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, Atate. Onani, lero ndabwera nawo ozizira zenizeni."

Analandira kabotolo n'kukapendeketsa. Zam'kati sizinagwedezeke. Anakafumbata mpaka kanasungunuka, nakapukusa pakati pa zikhatho monga amachitira asanadzibaye, kenaka anakakweza kuyang'ana kuwala. Nanenso ndinaona: tizibuma toyera tinali titamatirira kugalasi, osasakanikirana.

"Unawaika pati, Esinati?"

Ndinafotokoza zonse, za tayala, za kansalu, za ayisi wamchere. Ndikulankhula, mawu anga ankachepa.

"Afa awa," anatero mofatsa. "Mankhwala amenewa dzuwa limawapha, koma akaundana ndiye afa kotheratu. Ungabaye, koma sudziwa chimene wabaya. Usalire, unkafuna kuchita zabwino. Bwera uone."

Ananditengera m'nyumba, pakona yakutali ndi khomo. Panali mtsuko waukulu wadothi, m'kati mwake muli kamphika, pakati pa ziwirizi mchenga wa kumtsinje wonyowa, pamwamba chiguduli chonyowa. Ndinauonapo kambirimbiri mtsuko umenewu, koma ndinkangouyesa wa madzi akumwa. Anandiuza kuti mwezi uno amathira madzi pamchenga katatu pa tsiku. Mu Juni kamodzi n'kokwanira, koma nthawi imeneyo mapazi awo amachita dzanzi, ndiye sayandikira mbaula poopa kupsa osamva. Mvula ikayamba mtsuko amaukweza panjerwa, ndipo savula majombo, chifukwa kabala ka m'matope kwa iwo sikapola msanga. Ankanena zonsezi monga mmene ankanenera nthawi za sitima kale, mwezi ndi mwezi, osaphonya.

Ndinavundukula kamphika n'kutulutsa kabotolo ka mwezi watha. Munali timadzi tongonyowetsa pansi.

"Atate, munati akalipo."

"Nanga si amenewo?"

"Awa sakanatsala pa masiku atatu amene ndachedwa. Mwakhala mukuchita bwanji?"

Anayang'ana kumbali. "Kuyambira Lamulungu ndimabaya theka. Ndinati mwana ali ndi ukwati wa eni ake, ukwati sudikira."

Zinandiwawa kuposa akanandikalipira. Ludzu lija, milomo ija, si dzuwa lokha linachita. Ndinawauza, misozi ili mbwee, kuti zimenezo n'zoopsa, asadzachitenso, ngakhale nditasoka diresi la mwana wa mfumu. Anavomera ndi mutu. Tinayang'ana kabotolo aka tonse awiri: otsalawo anali a madzulo amenewo ndi m'mawa mwake, basi.

Panalibe zogona. Lole ya nsomba inkanyamuka 5 koloko kupita ku Kafue, ndipo ndinati ndikwera yomweyo kuti m'mawa chipatala chikamatsegulidwa ndikhale woyamba pakhomo, ndikaulule ndekha kupusa kwanga, n'kubwerera dzuwa lisanakwere. Atate analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kamphika kena kakang'ono. Anadzazamo mchenga wonyowa, naboola pakati ndi chala, navindikira ndi kansalu. Anandipatsanso botolo la madzi.

"Mawa uike umu. Mchenga ukayamba kuyera, thira. Osati ayisi, osati dzuwa. Pakatikati, monga mmene ndimakhalira ine."

Woyendetsa lole anandilipiritsa K40 n'kundikhazika pamwamba pa mabokosi, pamodzi ndi ogula nsomba. Bana Chipo analinso pomwepo, miyendo atayitambasula. Nditawauza zimene zachitika anagwira pakamwa, "Mayo! Nipepese kuli ba tate banu." Ndinati wolakwa ndine, amene ndinamva theka la malangizo. Kuyambira ulendo umenewo, ndikadzuka ndimayamba ndayang'ana kumwamba ndisanayang'ane makina osokera, ndipo ndikaimba foni sindifunsanso ngati mankhwala akalipo. Ndimati, "Kwezani kabotolo, mundiuze pamene afika."

Tisanafike paphula mphepo yotentha inali itayamba kale kuyeretsa mchenga. Ndinatsegula botolo n'kuthira pang'ono. Bana Chipo anasuzumira m'kamphika.

"Ba sisi, mutila manzi, koma mulibe chintu umu."

"Niziba," ndinatero. "Nifuna mailo m'mawa manja yankale yazolobela."

Ndipo ndinathiranso kawiri tisanaone nyali za Kafue.