Chitedze cha ku Ngauma chinandivinitsa pamaso pa apongozi

Inu owerenga, ine ndinali munthu uja woti akauzidwa kanthu amafulumira kuyankha kuti ndikudziwa kale. Khalidwe limeneli linandivinitsa gule wopanda ng'oma pamaso pa apongozi anga, tsiku loyamba lenileni kuonana nawo. Lero ndikakumbukira ndimaseka, koma tsikulo ndinkaona ngati ukwati wanga wathera pomwepo.

Ndinabadwira ku Ndirande n'kukulira komweko, tchire ndinkangoliona pawindo la basi. Bwenzi langa Jowakimu anabadwira kuno ku Malawi makolo ake atathawa nkhondo, koma mtendere utabwera banja lonse linabwerera kwawo ku Ngauma, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Titagwirizana za ukwati, anati ndikaonekere kwa mayi ake. Anandiuziratu kuti mayiwo akazi a m'tauni sawakhulupirira, amati ndi onyada, ndipo iwo akakana ndiye kuti ankhoswe sayenda n'komwe.

Tinapita mwezi wa Julaye kudzera pa chipata cha Chiponde. Ine ndinkayesa kuti Mozambique yense ndi wotentha ngati ku Nsanje, choncho ndinatchena diresi lopyapyala la manja aafupi. Kamphepo ka pa Mandimba kanandilandira ndi mbama, koma ndinalimba mtima, poti juzi akanabisa diresi langa. Pamenepo tinakumana ndi Rozita, mlongo wake wa Jowakimu, n'kukwera chapa, minibasi ya kumeneko. Titatsika, Jowakimu anatsogola ndi katundu panjinga kukanena kuti tafika, ine ndi Rozita tikubwera wapansi.

Abale anga, dziko lija ndi lokongola! Mapiri ali ndandanda, nkhungu ikutsetsereka m'zigwa, timitsinje ta madzi oyera mbee, ozizira mpaka mano kuwawa. Nditaona kaphiri kena kali ndi thanthwe lalikulu pamwamba, mtima unati anzanga a ku Ndirande ayenera kundiona ndili pamenepo.

“Kunyada, tiyeni tikafike kaye, mayi akudikira,” anatero Rozita, kunditchula mlamu m'kayankhulidwe ka kwawo. “Phirili mukwera mawa. Ndiponso m'tchiremo muli chitedze, nyengo yake ndi ino.”

Ndinamuyankha kuti chitedze ndikuchidziwa. Zoona zake, ndinkangodziwa dzina lokha. Ndinamusiya panjira n'kukwera ndekha. Pamwamba ndinaona minda, zigafa za fodya ndi mapiri ena akutali otuwa ngati utsi, ndinachita kuimba ndekha ndi chimwemwe. Kenaka ndinaona chomera choyanga chili ndi tizipatso taubweya, tofiirira ngati golide. Ndinathyola phava lonse, kuligunditsa patsaya, kulikoleka pakhosi, uku ndikudzijambula pafoni ndikumwetulira.

Ndisanatsike n'komwe, khosi linayamba kuyabwa. Ndinataya zinthu zija msangamsanga, ndipo Rozita sindinamuuze kanthu chifukwa cha manyazi.

Pakhomo tinapeza mphasa zoyala kale, azakhali ndi amalume a Jowakimu pamodzi ndi anansi atakhala chete, apongozi ali pakati akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira mayi anga. Koma inu, moto unali utafika kumsana, m'khwapa, mpaka m'makutu. Mtengwa amayenera kukhala phee, maso pansi, koma ine mapewa anayamba kugwedezeka okha. Ndinaluma mlomo. Ndinapemphera chamumtima. Amalume ali mkati molonjera, ndinangodzambatuka n'kuthamangira pa mtengo wa mango, n'kuyamba kudzikhula pamenepo ngati mbuzi. Jowakimu anangogwira kumutu.

Apongozi anabwera pang'onopang'ono n'kundifunsa kuti, “Mwana inu, mwakhudza chiyani?”

Bodza linali pafupi. Ndikanatha kunena kuti mphepo ndiyo yandiuluzira ubweyawo panjira. Koma misozi ikutsika ndinati, “Mayi, Rozita anandiletsa koma sindinamve. Ndinathyola ndekha, ndinkayesa maluwa.” Ndinawaonetsa ndi chithunzi chomwe.

Mayi aja anachiyang'anitsitsa, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi, bwalo lonse n'kuphulika ndi phwete. Ananditengera kuseri kwa nyumba, kundikhula ndi dothi ndi phulusa, kundisambitsa madzi ofunda, kundipaka mafuta, n'kundiveka kapulana wawo, chitenje cha kumeneko, ndi juzi wamkulu wa amalume. Titabwerera pamphasa anauza anthu kuti, “Ine ndimaopa wonyada wosavomera kulakwa. Uyu wavomera yekha. Tikhala naye.”

Lero tili pabanja, ndipo Niassa ndamuyenda mpaka ku mapiri a ku Cuamba. Pitani mukaone, simudzadandaula. Koma inu owerenga, tengani juzi, kafikeni kaye kwa amene akukudikirani, ndipo mwini dera akati musalowe m'tchiremo, musayankhe kuti ndikudziwa. Ine mwayi unandigwera kuti apongozi anga ndi oseka, inu mwina simudzapeza otero.

Chilango changa sichinathe. Ku Ngauma dzina langa lenileni palibe amalikumbukira, aliyense amanditcha Nachitedze. Chithunzi chija apongozi anachitsukitsa ku Mandimba n'kuchipachika pabalaza, ndipo mlendo aliyense akafika, asanamwe ndi madzi omwe, amayamba waonetsedwa ine ndikumwetulira, chitedze chili pakhosi.